Mantha amatiiwalitsa zina n'kutikhomerera zina m'mutu: kafukufuku akuti chiyani?

Aphunzitsi a ku Dedza:
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi funso limene ndikupempha a zaumoyo ndi ena amene anaphunzira za maganizo a munthu kuti andithandize. Chaka ndi chaka ndimaona ana a Fomu 4 amene ndikudziwa bwino kuti phunziro analigwira, koma akangokhala pa desiki la mayeso a MSCE, woyang'anira wachilendo n'kulamula kuti atsegule mapepala, m'mutu mumangoti mbee, ndipo mayankho amawabwerera atatuluka kale panja. Komabe mantha akakhala a ngozi, anthu saiwala. Amene anali ku Chilobwe, ku Phalombe kapena ku Mulanje mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri, amafotokoza usiku umenewo ngati zachitika dzulo. Kodi zimatheka bwanji kuti mantha omwewo aziiwalitsa uku n'kumakhomerera zinthu m'mutu uku?

Nachisale:
Zikomo aphunzitsi. Ine ndikuphunzira psychology, choncho ndiyankha malinga ndi zimene ofufuza anapeza. Ambiri mwa iwo amagwirizana kuti nkhani yagona pa nthawi imene manthawo afika, kaya afika pamene munthu akusunga chinthu m'mutu, kapena pamene akuchifunafuna kuti achitulutse.

Mu 1994, Larry Cahill, James McGaugh ndi anzawo a ku University of California ku Irvine anaonetsa anthu zithunzi zofanana koma powauza nkhani ziwiri zosiyana. Ena anamva nkhani wamba ya mnyamata amene akupita ndi mayi ake kukaona bambo ake kuntchito ku chipatala, pomwe ena anamva kuti panjira mnyamatayo anagundidwa ndi galimoto n'kuvulala koopsa. Patatha sabata imodzi, amene anamva za ngozi aja ankakumbukira zambiri za chigawo chowawacho. Koma anthu ena anali atamwetsedwa propranolol asanaone zithunzizo, mankhwala amene amatchinga mphamvu ya adrenaline, homoni imene thupi limatulutsa munthu akachita mantha, ndipo iwowa nkhani ya ngozi anaikumbukira mofanana ndi nkhani wamba, ngakhale kuti ananena kuti inawakhudza mtima ngati anzawo. Ofufuzawo anaona kuti mahomoni a mantha amadzutsa kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, ndipo kameneka kamalimbikitsa hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kukumbukira, kusunga mwamphamvu zimene zikuchitikazo.

Potulutsa zinthu zimene zinasungidwa kale, mahomoni omwewo amasokoneza. Mu 1998, Dominique de Quervain, Benno Roozendaal ndi McGaugh yemwe uja anaphunzitsa makoswe kupeza kathabwa kobisika m'dziwe la madzi. Makoswe amene anaopsezedwa ndi mphamvu ya magetsi kumapazi kutatsala mphindi 30 kuti ayesedwe, anasokonekera pofunafuna malowo. Amene anaopsezedwa kutatsala mphindi 2 zokha, kapena kutatsala maola 4, anakumbukira bwinobwino. Mphindi 30 ndi nthawi imene homoni ya nkhawa imakhala itachuluka kwambiri m'magazi. Mu 2000, de Quervain anayesa zomwezo pa anthu ku Zurich: anawapatsa mamiligalamu 25 a cortisone, mankhwala ochulukitsa homoni ya nkhawa m'magazi, kutatsala ola limodzi kuti atchule mawu amene analoweza dzulo lake, ndipo anatchula ochepa. Chochititsa chidwi n'chakuti atawaonetsa mawuwo kuti angowazindikira, sanavutike. Zimenezi zikusonyeza kuti mwana wanu uja phunziro silinafufutike, koma njira yolifikira ndi imene yatsekeka kwa kanthawi.

Kalaliki wa khoti wopuma:
Achemwali a Nachisale, mwafotokoza momveka, koma ndikufuna kutsutsa mawu amodzi a aphunzitsi, akuti pa ngozi anthu saiwala. Pa zaka zimene ndinkalemba milandu, ndinaona mboni ziwiri zolumbira, zonse zoona mtima, zikufotokoza ngozi imodzi ya minibasi mosemphana, wina akuti inachokera kumanja, mnzake akuti kumanzere, ndipo aliyense akulozera diso lake kuti anaona yekha. Kodi kukumbukira mwamphamvu ndi kukumbukira molondola n'chimodzimodzi?

Nachisale:
Si chimodzimodzi ayi bambo, ndipo mwakhudza nkhani imene inasintha maganizo a akatswiri ambiri. Mu 1977, Roger Brown ndi James Kulik analemba kuti uthenga wodzidzimutsa, monga wa kuphedwa kwa pulezidenti John F. Kennedy mu 1963, umajambulika m'mutu ngati chithunzi cha kamera. Ulric Neisser anakayikira zimenezi. Chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chitaphulika pa 28 Januwale 1986, m'mawa mwake iye ndi Nicole Harsch anapempha ophunzira a ku Emory University kulemba kumene anali pamene anamva uthengawo, amene anawauza, ndi zimene ankachita. Patatha zaka pafupifupi zitatu anafunsanso ophunzira 44 mwa omwewo mafunso omwe aja. Munthu mmodzi mwa anayi alionse analakwitsa mfundo zonse zikuluzikulu, koma ambiri anali otsimikiza kwambiri za mayankho awo. Ena ataonetsedwa zimene analemba ndi dzanja lawo, anavomereza kuti malembawo ndi awo koma anakakamirabe zimene ankakumbukira tsopano.

Jennifer Talarico ndi David Rubin a ku Duke University anabwereza kafukufuku wotere pa 12 Sepitembala 2001, tsiku lotsatira chiwembu cha ku New York. Anapeza kuti tsatanetsatane wa tsiku loopsalo ankasokonekera pa liwiro lofanana ndi wa zochitika wamba za sabata yomweyo. Chimene sichinatsike ndi chikhulupiriro cha anthuwo kuti akukumbukira zoona. Ndiye mboni zanu zija mwina palibe amene ankanama.

Anamwino a ku Mulanje:
Ndikupempha kuti tiikhotetse pang'ono nkhaniyi, chifukwa kuntchito kwanga ndimakumana ndi vuto lachitatu limene silinatchulidwe. Kusikelo ya ana kumabwera amayi amene mwana wawo sakukwera sikelo, ndipo ukacheza nawo bwino umapeza kuti mayiyo sagona, sadya, ndipo zinthu zimene ankasangalala nazo zinamutuluka mumtima. Ukamufunsa kuti zinayamba liti, amayankha kuti, "Ine moyo wanga wonse ndi mavuto okhaokha." Ukamupempha kuti atchule tsiku limodzi lokha limene anasangalala, amayang'ana pansi nthawi yaitali, akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje, kenako n'kunena kuti, "Kale tinkaseka." Ukafunsa kuti kale liti, kuti, ndi ndani, palibe chimene chimatuluka. Si kuti akubisa. Zimaoneka kuti akufunafuna ndithu koma sakupeza. Kodi zimenezi zinafufuzidwa?

Nachisale:
Zinafufuzidwa mayi, ndipo kwa ine imeneyi ndi mbali yofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Poyamba akatswiri ankangoyang'ana mtundu wa zimene munthu wovutika maganizo amakumbukira. Gordon Bower wa ku Stanford analemba mu 1981 kuti munthu akakhala wachisoni, zokumbukira zachisoni ndi zimene zimabwera msanga. Zimenezo n'zoona, koma sizinafotokoze zonse.

Mu 1986, Mark Williams ndi Keith Broadbent ku Britain anacheza ndi odwala amene anali atangopulumuka atamwa mankhwala ambiri pofuna kudzipha. Ankawatchulira mawu amodziamodzi, asanu osonyeza zabwino monga kusangalala ndi kukhala wotetezeka, asanu osonyeza zowawa monga kukwiya ndi kusungulumwa, ndipo pa mawu alionse ankawapatsa mphindi imodzi kuti atchule chochitika chimodzi cha tsiku limodzi. Cholinga chawo chinali kuyeza liwiro loyankhira, koma anadabwa kuona kuti odwalawo ankachedwa chifukwa ankangopereka mayankho ophatikiza. Munthu wabwinobwino akamva mawu oti kusangalala amatha kunena za tsiku limene mwana wake anasankhidwa kupita ku sekondale, kutchula amene anabweretsa uthengawo ndi zimene anaphika madzulo ake. Wovutika maganizo amangoti ankasangalala akamacheza ndi anzake, n'kulekera pomwepo. Kafukufuku wambiri wotsatira anapeza zomwezo mwa anthu ovutika maganizo ndi amene anakumana ndi zoopsa. Mu 1993, Brittlebank ndi anzake anapeza kuti odwala amene anali ndi vutoli kwambiri pogonekedwa ndi amenenso ankachedwa kuchira.

Williams anapereka zifukwa zitatu. Choyamba, munthu amene anapwetekedwa amazolowera kuima patali ndi tsatanetsatane kuti asadzutse ululu, ndipo chizolowezicho chimafalikira mpaka ku zokumbukira zabwino. Chachiwiri, akangoyamba kufunafuna, maganizo ake amakodwa m'mafunso obwerezabwereza akuti chifukwa chiyani ine, ndinalakwa chiyani. Chachitatu, kufunafuna chochitika chenicheni kumafuna mphamvu ya ubongo imene munthu wosagona ndi wotopa alibe. Kuipa kwake n'kwakuti pothetsa vuto la lero timadalira kukumbukira mmene tinathetsera vuto lofanana nalo m'mbuyomu. Mayi amene sangakumbukire kuti chaka china chimanga chitatha anapita kwa alamu ake akutiakuti n'kukagwira ganyu yakutiyakuti, amaona ngati palibe njira ina iliyonse, osati chifukwa njirayo kulibe, koma chifukwa zitsanzo zake sizikumubwerera.

Malume a ku Johannesburg:
Ndikuwerenga mwachidwi, koma ndilankhule mosapsatira. Mayi amene anamwino akunenayo alibe feteleza, mwamuna anamuthawa, nyumba inapita ndi madzi. Akanena kuti moyo wake ndi mavuto okhaokha, mwina akungonena zoona. Kodi si chipongwe kumuuza kuti vuto lili m'kakumbukiridwe kake? Komanso mayina onse amene atchulidwa apawa ndi a ku America ndi ku Ulaya. Ophunzira a ku Emory akugwirizana bwanji ndi mayi wa ku Muloza?

A Clinical Officer a ku Kasungu:
Malume, funso lanu lachiwirilo ofufuza eniake anadzifunsanso. Mu 2008, Jeffrey Arnett anawerenga magazini akuluakulu a psychology ndipo zinaoneka kuti anthu 96 mwa 100 alionse amene ankafufuzidwa anali a m'mayiko olemera a azungu, amene ali ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi. Choncho kukayikira kwanu kuli ndi maziko.

Koma pa funso loyamba, kafukufuku sakutsutsana nanu. George Brown ndi Tirril Harris anasonyeza mu 1978, pofufuza amayi a ku Camberwell mu London, kuti matenda ovutika maganizo (depression) nthawi zambiri amayamba pambuyo pa chochitika chowawa, ndipo amagwira kwambiri amayi osauka amene alibe munthu womuululira zakukhosi. Jeremy Broadhead ndi Melanie Abas anagwiritsa ntchito njira yomweyo pa amayi a ku Harare m'zaka za m'ma 1990, ndipo anapeza kuti matendawa anali ochuluka kuposa ku London chifukwa zochitika zowawazo, monga imfa ndi kutha kwa mabanja, zinalinso zochuluka. Kunonso Robert Stewart ndi anzake anafufuza amayi a ana aang'ono ku Thyolo pogwiritsa ntchito mafunso oyezera kuvutika maganizo otchedwa SRQ, omasuliridwa m'Chichewa, ndipo anaona kuti ana a amayi ovutika maganizo ankakonda kupinimbira. Umphawi ndi umene umagwetsa munthu m'dzenje, palibe akukana. Chimene achemwali akunena n'chakuti akagweramo, matendawa amamubisiranso ngakhale njira zochepa zotulukira zimene zilipo.

Nachisale:
Ndionjezere zitsanzo ziwiri zimene si za azungu. Ku Iran, Hamid Neshat-Doost ndi anzake anaphunzitsa achinyamata othawa kwawo ochokera ku Afghanistan, amene bambo awo anamwalira pa nkhondo, kuti azizolowera kutchula zochitika zenizeni za tsiku limodzi. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2013, ndipo patatha miyezi iwiri achinyamata ophunzitsidwawo anali ndi zizindikiro zochepa za kuvutika maganizo poyerekeza ndi anzawo. Gululo linali laling'ono, ndipo kafukufuku wina wotsatira anasonyeza kuti phindu la njirayi si lalikulu kuposa njira zina za uphungu, choncho sindikuigulitsa ngati mankhwala ochiza zonse.

Chitsanzo champhamvu ndi Friendship Bench imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu Harare mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi, ndi kukonza chochita sabata imeneyo. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anakhudza anthu 573 m'zipatala 24. Patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse amene anakhala pa benchi anali adakali ndi zizindikiro za matendawa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi theka. Kafukufukuyu sanayeze kakumbukiridwe, ndiye kulumikiza ziwirizi ndi maganizo anga chabe, koma ndimaona kuti ntchito ya agogowo ndi kutsitsa munthu kuchoka pa "zonse zaipa" kufika pa "lendi ya mwezi uno". Njirayi inayesedwanso m'zipatala zina za kuno ku Malawi.

Abusa a ku Ndirande:
Ana a Mulungu, pamenepa ndasokonezeka pang'ono. Pambuyo pa Freddy, ife atsogoleri a mipingo tinkayendera anthu m'misasa ya m'masukulu, ndipo ambiri tinkakhulupirira kuti munthu ayenera kufotokoza zonse zimene anaona kuti zimuchoke mumtima. Ngati kukumbukira mwatsatanetsatane n'kothandiza, ndiye kuti tinkachita bwino powalimbikitsa kufotokoza za matope ndi mitembo?

A Clinical Officer a ku Kasungu:
Abusa, kupezeka kwanu m'misasamo kunali kofunika, koma pa mfundo yokakamiza kufotokoza umboni ukulozera kwina. Kwa zaka zambiri mabungwe othandiza pa ngozi ankasonkhanitsa opulumuka kamodzi kokha kuti aliyense afotokoze zonse mwatsatanetsatane. Suzanna Rose, Jonathan Bisson, Simon Wessely ndi anzawo ataunika kafukufuku wa njira yofotokozetsa munthu zonse kamodzi kokha, m'bungwe la Cochrane limene limaunika umboni wa zachipatala, anapeza kuti siiteteza munthu ku matenda obwera chifukwa cha zoopsa, ndipo m'kafukufuku wina amene anaitsata anali oipirapo patatha chaka. N'chifukwa chake buku la WHO la 2011 la chithandizo choyamba cha maganizo limalangiza kumvetsera munthu akafuna kulankhula, osamukakamiza, ndi kuyamba ndi zofunika monga pogona, chakudya ndi kupeza abale ake. Kubwereranso ku chochitika choopsa kumathandiza pamene kukuchitika pang'onopang'ono, maulendo angapo, ndi mlangizi wophunzitsidwa, kwa munthu amene zizindikiro zamukhalitsa. Zimene achemwali akunena ndi zina: kuthandiza munthu wovutika maganizo kupezanso masiku enieni a moyo wake wonse, makamaka masiku amene anakwanitsa kanthu.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Komabe ana anga aja ndiwathandize bwanji?

Nachisale:
Pali kafukufuku amene akukuyankhani mwachindunji. Mu 2016, Amy Smith, Victoria Floerke ndi Ayanna Thomas a ku Tufts University anapatsa ophunzira 120 mawu ndi zithunzi zoti aloweze. Theka linawerenga mobwerezabwereza, theka lina linkatseka pepala n'kumayesa kulemba zimene likukumbukira. Tsiku lotsatira ena anawapanikiza powalankhulitsa ndi kuwawerengetsa masamu pamaso pa oweruza ndi anzawo. Owerenga mobwereza aja anatsika atapanikizidwa, koma odziyesa okha aja sanatsike. Choncho mwana amene amangobwereza manotsi mpaka pakati pa usiku ndi amene ali pa chiopsezo, ndipo mapepala akale a MANEB amathandiza pokhapokha akuyankhidwa buku lili chitsekere.

Malume a ku Johannesburg:
Ndamva kuti nkhawa ikakhalitsa ubongo umafota. Ngati zili choncho, zonse mukunenazi si kuthira madzi m'dengu?

A Clinical Officer a ku Kasungu:
Mawu amenewo amafalitsidwa mopitirira umboni wake. N'zoona kuti Robert Sapolsky ndi ena anasonyeza kuti mahomoni a nkhawa akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga hippocampus ya nyama, ndipo mu 1996 Yvette Sheline anapeza kuti amayi amene anadwala matenda ovutika maganizo mobwerezabwereza anali ndi hippocampus yocheperapo. Koma amayiwo anali 10 okha, ndipo kafukufuku wamkulu wotsatira anapeza kusiyana kochepa kwambiri, kooneka poyerekeza magulu, osati pa chithunzi cha munthu mmodzi. Funso la chimene chinayamba nalonso ndi lovuta. Mu 2002, Mark Gilbertson ndi anzake anafufuza mapasa ofanana, mmodzi anamenya nkhondo ya ku Vietnam, mnzake anatsala kwawo. Asilikali amene anadwala kwambiri matenda obwera chifukwa cha zoopsa anali ndi hippocampus yaing'ono, koma mapasa anzawo amene sanapite kunkhondo analinso ndi yaing'ono chimodzimodzi, kusonyeza kuti mwina anabadwa choncho.

M'nkhani zimenezi zopezedwa zotchuka zimatha kugwa. Mu 2003, Avshalom Caspi ndi anzake, pofufuza anthu 847 a ku Dunedin ku New Zealand, analengeza kuti jini ina (chotengera kwa makolo) yokhudza serotonin, kemikolo ya mu ubongo, ndi imene imachititsa ena kudwala maganizo akakumana ndi mavuto. Dziko lonse linaombera m'manja. Ofufuza ena atasonkhanitsa anthu oposa 38,000 mu 2018, mphamvu ya jiniyo sinaoneke, koma mphamvu ya mavutowo inaonekabe bwinobwino. Ine wodwala sindimamuuza kuti ubongo wake wafota, chifukwa sindingathe kutsimikiza zimenezo, ndipo munthu amene akuona kale kuti zonse zinatha mawu otere amangomuonjezera katundu.

Anamwino a ku Mulanje:
Ndikugwirizana nanu achimwene, ngakhale kuti pamzere wa kusikelo nthawi yofunsa mafunso onsewa imasowa. Mafunso 9 oyezera kuvutika maganizo otchedwa PHQ-9, amene Michael Udedi ndi anzake anawayesa m'Chichewa ku Lilongwe pa odwala shuga, ndimatha kuwafunsa mwamsanga. Kudikira mayi kuti apeze tsiku limodzi kumafuna kukhala naye pansi, ndipo nthawi zambiri ndimachita zimenezo anthu atatha. Ndili ndi funso lomaliza. Agogo ena amabweretsedwa ndi ana awo akuti ayamba kuiwalaiwala, ena mpaka akunenedwa ufiti kumudzi. Ndingasiyanitse bwanji kuiwala kwa matenda a maganizo ndi kuiwala kwa ukalamba?

A Clinical Officer a ku Kasungu:
Palibe chizindikiro chimodzi chodula mlandu, koma pali zolozera. Wovutika maganizo kawirikawiri amadandaula yekha za kuiwalako, amafulumira kunena kuti sakudziwa, ndipo abale amatha kutchula mwezi umene zinayamba, nthawi zambiri pambuyo pa maliro kapena matenda. Wa dementia, matenda oiwalitsa amene amagwira kwambiri okalamba, nthawi zambiri saona vuto, amayankha molimba mtima koma molakwika, ndipo zimayamba mwakachetechete kwa zaka. Awiriwa amathanso kupezeka mwa munthu mmodzi. Musanaganize za ukalamba, yezani HIV, chindoko, shuga ndi kuchepa kwa magazi, funsani za mowa, ndipo onani mankhwala onse amene akumwa. Pa mankhwala a matenda ovutika maganizo, samalani ndi amitriptyline mwa okalamba, chifukwa payekha amatha kusokoneza mutu ndi kugwetsa munthu, ndipo ngati fluoxetine alipo ndi amene amayenera kuganiziridwa poyamba. Aliyense amene wanena zofuna kudzipha, kaya ndi gogo kaya ndi mayi wa kusikelo, asabwerere kunyumba yekha tsiku limenelo. Aonedwe ndi wa zamaganizo pa chipatala cha boma, ndipo ngati pakufunika atumizidwe ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God kwa amene ali kufupi ndi Lilongwe kapena Mzuzu.